Kalata ya loya wofuna mpando wa woweruza: mlandu wa Williams-Yulee wandilowa tsopano

Milungu itatu yathunthu mlandu wa ku America wa Williams-Yulee v. Florida Bar, wokhudza kupempha ndalama za kampeni ya uweruzi, wakhala ukundizunguza mutu. Dzulo usiku, nditatsala pang'ono kutseka kope, ndi pamene unandilowa. Mtima wakhala pansi, anzanga. Za ufulu wolankhula ndi muyeso wokhwima womwe khoti limayesera malamulo otere sindibwereza, tonse tinalemba kale m'kalasi lathu la zamalamulo.

Mu 2009 Lanell Williams-Yulee, loya wa ku Florida, anaganiza zopikisana nawo pa mpando wa woweruza wa khoti laling'ono la Hillsborough, dera la mzinda wa Tampa. Analemba kalata yopempha thandizo la kampeni, kuyambira madola 25 mpaka 500, naisaina yekha, n'kuitumiza kwa anthu ambiri. Pachisankho anagwa. Kenako bungwe la maloya la Florida linamuimba mlandu wophwanya Canon 7C(1), ndime ya malamulo a khalidwe la oweruza yomwe imaletsa wofuna uweruzi kupempha yekha ndalama. Anadzudzulidwa poyera ndipo analipitsidwa madola 1,860. Iye anati lamulolo likumuphwanyira ufulu wolankhula, koma mu 2015 Khoti Lalikulu la America linati lamulolo n'loyenera, oweruza asanu mbali iyi, anayi mbali inayo.

Chomwe chinkandikanika n'chakuti lamulo lomwelo limalola wopikisanayo kukhala ndi komiti yomupemphera ndalama. Mayina a opereka amawadziwa. Kalata yothokoza amaloledwa kulemba. Ndiye ndinkati, ngati ndalama zikulowabe, ndipo mwini wake akudziwa aliyense amene waponya, lamuloli likutchinjiriza chiyani?

Maso anga anali pa ndalama, pamene nkhani ili pa munthu wopemphayo. Ambiri opereka pa zisankho zotere ndi maloya ndi anthu a milandu omwe mawa adzaima pamaso pa woweruza yemweyo. Dziyikeni m'malo mwa loya amene ali ndi mlandu wa munthu wake m'khoti limenelo. Kalata ya komiti mukhoza kuiika pambali osasowa tulo. Koma ikabwera yosainidwa ndi mwini wake, kukana kumalemera. John Roberts, woweruza wamkulu wa Khoti Lalikulu lija, polemba chigamulo cha ambiriwo, anafotokoza kuti dzanja losaina kalata yopempha ndalama lingadzakhale lomwelo losaina chigamulo. Chiganizo chimenechi ndinachiwerenga kangapo m'mbuyomu osachimva. Phungu akapempha ndalama kwa omutsatira palibe chodabwitsa, ntchito yake ndi kumvera omuvotera. Woweruza saloledwa kumvera omuthandiza, ngakhale atalowa pampando kudzera m'voti. Apa ndi pamene panagona nkhani yonse.

Chinanditsegula maso ndi kuyamba ndi oweruza otsutsa. Ndinawerenga kaye Antonin Scalia, amene anafunsa mafunso omwewo ndinali nawo, kenako ndinabwerera kwa Roberts kukaona ngati akumuyankha. Ndikukhulupirira kuti mlandu uliwonse wogawanika uyenera kuwerengedwa chonchi, kuyambira kumapeto. Ndayesanso pa Caperton v. Massey wa 2009, uja wa ku West Virginia, komwe Don Blankenship, mkulu wa kampani ya Massey, anawononga madola pafupifupi 3 miliyoni pothandiza Brent Benjamin kulowa m'khoti lomwe linadzamva apilo ya kampaniyo pa chigamulo cha madola 50 miliyoni. Ola limodzi lokha ndinali nditaugwira. Wina akandiuza njira ina yoposa iyi, sindikhulupirira msanga.

Chikundipweteka n'chakuti mutu wonsewu aphunzitsi athu anaupatsa mphindi khumi zokha, n'kunena kuti izi n'za ku America, kuno sizitikhudza. Zoona, kuno oweruza a High Court amasankhidwa ndi Pulezidenti potsatira malangizo a Judicial Service Commission, palibe wopita kukakopa mavoti kumsika. Koma ku America zigawo 39 zimasankha oweruza ena mwa voti, ndipo funso lakuti woweruza ali ndi ngongole kwa yani silisowa ngakhale komwe amachita kuikidwa. Ndinakweza dzanja, nthawi inali itatha. Mayeso atsala sabata ziwiri, ndipo milungu itatu ija sindidzaibweza.

Pali pomwe sindinafikebe. Khoti Lalikulu la America lomwelo mu 2002, pa mlandu wa Republican Party of Minnesota v. White, linati wofuna uweruzi ali ndi ufulu wouza ovota maganizo ake pa nkhani zotsutsanitsa anthu. Ndiye kunena maganizo kuloledwa, kupempha madola 25 ayi. Mwina zikugwirizana, mwina ndikungofuna kuti zigwirizane. Ndipo kalata yothokoza ija ikundivutabe. Loya akailandira, amadziwa kuti dzina lake lakumbukiridwa, ndipo mnzake amene sanapereke amadziwanso. Ngati funsoli lingabwere pa mayeso ndidzalemba mbali ya Roberts, koma sindikudziwa ngati Scalia ndamuyankha mumtima mwanga.