Mmene ndinalondolera makwerero a Julius Caesar mpaka pa mtsinje wa Rubicon

Pokonzekera mayeso a mbiri yakale, mutu wa Julius Caesar, mtsogoleri wa ku Roma wakale, unkandizunguza kwambiri. Choyamba kundipunthwitsa chinali zaka. Popeza ndi nthawi ya Yesu asanabadwe, zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo: anabadwa mu 100, anaphedwa mu 44. Ndinatenga pepala lalitali, n'kulemba 100 pansi, 44 pamwamba, kuti munthuyo akamakwera manambala azichepa.

Kenako ndinajambula makwerero a maudindo a ku Roma. Munthu ankayamba ndi quaestor, woyang'anira ndalama za boma. Akafuna ankakhalako aedile, wosamalira misika, misewu ndi zisangalalo. Pamwamba pake panali praetor, woweruza milandu, ndipo pansonga consul, atsogoleri a boma, awiri chaka chilichonse. Udindo uliwonse unali wa chaka chimodzi basi. Pambali ndinalemba za Caesar: quaestor mu 69 ku Spain, aedile mu 65, praetor mu 62, consul mu 59. Ndinaloweza, koma kukacha zonse zinkasakanikirana.

Zinayamba kumveka nditatsata ngongole zake. Maudindowa analibe malipiro, koma kuwapeza kunkadya chuma. Ali aedile, Caesar anachititsa zisangalalo zodula pofuna kukopa ovota, ndi ndalama zokongola. Mu 63 anawazanso ndalama kuti asankhidwe kukhala pontifex maximus, mkulu wa ansembe. Pofika 61, akupita kukalamulira chigawo cha ku Spain, omukongoza anamutsekereza mpaka Crassus, mpondamatiki wa mu Roma, anamuimira chikole. Pamenepo ndinazindikira kuti mgwirizano wa mu 60 wa Caesar, Crassus ndi Pompey sunali wa chikondi ayi: wina anali ndi chuma, wina mbiri ya nkhondo ndi asilikali akale, ndipo Caesar ndiye akanadutsitsa malamulo awo ali consul. Anafikira popereka mwana wake Julia kuti akwatiwe ndi Pompey.

Za nkhondo zake ku Gaul (dera la France wa lero ndi madera oyandikana nalo), kuyambira 58 mpaka 50, sindinavutike nazo. Ndinangosunga zitatu: anaoloka kupita ku Britain mu 55 ndi 54, anagonjetsa Vercingetorix, mtsogoleri wa anthu a ku Gaul, pa Alesia mu 52, ndipo zofunkha ndi akapolo zinamuchotsera ngongole n'kumusiya wolemera. Ndisabise, kuchuluka kwa anthu amene anaphedwa kumeneko kunandichepetsera chidwi chomusirira.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa funso loti, analoweranji ku Italy ndi asilikali? Ndinabwerera ku 59. Chaka chimenecho anadutsitsa malamulo mokakamiza, osalabadira consul mnzake Bibulus, ndipo adani ake ankamudikirira ndi milandu. Koma wokhala pa ulamuliro sankazengedwa mlandu. Choncho ankafuna kuchoka ku Gaul n'kulowa u-consul wachiwiri popanda tsiku lokhala munthu wamba. Omuteteza anali atatha: Julia anamwalira mu 54, Crassus anaphedwa pa nkhondo ya ku Carrhae mu 53, Pompey anatsamira ku senate, bwalo la akuluakulu a boma. Mu Januwale 49 senate inamulamula kusiya asilikali, iye n'kuoloka Rubicon, mtsinje wa pa malire a chigawo chake ndi Italy, ndi gulu lake la asilikali la nambala 13.

Ndinajambula muvi kuchokera pa 59 kufika pa 49. Pamwamba panangotsala mizere itatu: kugonja kwa Pompey polimbana ndi Caesar pa Pharsalus mu 48, Caesar kupatsidwa ulamuliro wa moyo wonse kumayambiriro kwa 44, ndi mipeni imene anamupha nayo pa 15 Malichi.