Bolodi la anthu asanu osakhala ofesi imodzi

Kampani yathu ndi ya anthu asanu, ndipo timakonza timabuku ndi zithunzi zophunzitsira ogwira ntchito m'mabungwe. Awiri amalemba, mmodzi amajambula, wina amasamala za makasitomala ndi ndalama, ine ndimalunzanitsa zonse. Chiyambire sitinakhalepo ndi ofesi. Aliyense amagwirira ntchito komwe ali, timakumana pa intaneti.

Ntchito yathu imayamba ndi kumwaza maganizo. Kasitomala akabweretsa nkhani yake, timaiphwanya kaye: mutu uti uyambe, chithunzi chikhale pati, chiyani chichoke. Pakamwa pokha zinkativuta. Wina ankati "bokosi lija tilisunthire pamwamba", mnzake n'kufunsa kuti "bokosi liti?", nthawi n'kumatha. Tinaona kuti tikufunika bolodi la pa intaneti loti tonse tizilembapo nthawi imodzi.

Mabolodi oterewa alipo ambiri. Miro, yomwe inkatchedwa RealtimeBoard mpaka 2019, ili ndi mapulani okonzeratu ochuluka zedi, ndipo osalipira amaloledwa mabolodi atatu oti azisintha. Ife timafuna bolodi limodzi pa kasitomala aliyense, ndiye atatuwo sakanatifikitsa patali. FigJam inatulutsidwa ndi Figma mu 2021, ndipo wojambula wathu anaikonda tsiku lomwelo chifukwa ntchito yake amachitira kale mu Figma, pulogalamu yojambulira ya kampani yomweyo. Microsoft Whiteboard imayendera limodzi ndi Teams, pulogalamu yochitira misonkhano pa intaneti, nayonso Zoom ili ndi bolodi lake. Aliyense mwa ife anali ndi lake loikira kumbuyo, ndipo kukambiranako kunkangozungulira pa funso loti ndi liti lili ndi zinthu zambiri.

Amene anatichotsa pamenepo ndi mnzathu mmodzi wolemba yemwe netiweki yake imavutavuta, ndipo nthawi zina amalowa msonkhano pa foni. Iye anangoti, "Musankhe lomwe ineyo ndingalitsegule." Tinayesadi bolodi lina, lodzaza zithunzi zikuluzikulu. Ife tinkasuntha timapepala tachikasu uku tikuseka, iye akungoona kachizindikiro kozungulira pa sikirini yoyera. Mmene bolodi limatseguka kwa iye, ife tinali titagwirizana kale mutu woyamba. Kuyambira pamenepo bolodi lililonse amayamba kuliyesa ndi iyeyo, osati ine wa kompyuta yamphamvu.

Muyeso wachiwiri unachokera kwa makasitomala. Ambiri mwa iwo ndi mabwana otanganidwa, ndipo ukawauza kuti ayambe atsegula akaunti ndi kupanga pasiwedi, amangoti "nditumizireni pa imelo", basi nkhani yathera pomwepo. Apa ndi pomwe Excalidraw inatigwira mtima. Ndi yaulere, imatseguka m'browser, ndipo munthu amalowa pongodina linki. Koma chomwe sindinkachiyembekezera ndi ichi: mizere yake imaoneka ngati yojambula pamanja, yokhotakhota pang'ono. Kasitomala ukamuonetsa chinthu chosalala bwino amachita manyazi kuchitsutsa, amaganiza kuti chatha kale. Ukamuonetsa chokhotakhota amamasuka n'kunena kuti "ichi chichoke, ichi chibwere kuno". Ife timafuna atsutse pa tsiku loyamba, osati titajambula kale masamba onse.

Choncho tinakhazikika pa mabolodi awiri. Excalidraw ndi ya misonkhano ndi makasitomala komanso zojambula za changu. FigJam ndi ya ntchito yaitali ya ife tokha, pomwe zithunzi zimachoka pa bolodi kupita kwa wojambula popanda kuzikoperanso. Anthu ena amati kukhala ndi awiri n'kudzisokoneza. Mwina m'kampani ya anthu makumi asanu, koma ife asanu sitinasocherepo.

Pali lamulo limodzi lomwe sindilola kuti liphwanyidwe. Msonkhano ukatha, bolodi timalisunga ngati chithunzi kapena PDF mufoda ya kasitomalayo, ndipo zomwe tagwirizana zimalembedwa m'mawu, pamodzi ndi dzina la wochita ndi tsiku lomaliza. Chifukwa chake n'chakuti bolodi la pa intaneti ndi nyumba ya lendi, mwini wake akhoza kuitseka. Google inatseka bolodi lake la Jamboard kumapeto kwa 2024, ndipo amene ankaligwiritsa ntchito anauzidwa kuti asamutsiretu zinthu zawo. Komanso bolodi la miyezi itatu yapitayo silifotokoza kanthu: umangoona timapepala ndi mivi, osadziwa kuti mfundo yomwe inapambana ndi iti.

Nkhani yomwe sitinamalize ndi yolipira. Makasitomala akuchuluka, ndipo malire a zaulere ayamba kutipanikiza. Wojambula akufuna tilipirire tonse asanu. Wa ndalama akuti malipiro amawerengedwa pa munthu aliyense mwezi ndi mwezi, ndiye tilipirire okhawo amene amalemba pa bolodi tsiku ndi tsiku, enafe tizingoona. Ine ndili mbali ya wa ndalama, ngakhale ndikudziwa kuti woyamba kulandidwa cholembera ndikhala ineyo.