Zomwe Ndinaphunzira Nditazimitsa Sikirini

M'chigawo cha maphunziro anga a ntchito za laibulale chomwe ndangomaliza kumene, tinapatsidwa ntchito yofufuza ngati munthu wosaona angathe kugwiritsa ntchito mabuku ndi magazini a kafukufuku amene laibulale imalipira kuti owerenga aziwapeza pa intaneti. Poyamba ndinkaganiza kuti nkhaniyi ndi ya zipangizo basi, kuti wosaona akangopatsidwa kompyuta yokhala ndi pulogalamu yomuwerengera mokweza, ndiye kuti vuto latha. Maganizo amenewa anasintha tsiku limene ndinaika pulogalamu yaulere yowerenga mokweza ya NVDA pa kompyuta yanga, n'kuzimitsa sikirini, n'kuika mausi patali, kenako n'kuyesa kupeza nkhani imodzi yokha pogwiritsa ntchito kiyibodi ndi makutu.

Pa tsamba la kampani imene ndinasankha, ndinadina batani la Tab kambirimbiri ndisanafike pa bokosi lofufuzira, chifukwa panalibe njira yodumphira mndandanda wautali umene unali pamwamba. Mabatani ena pulogalamuyo inkangowatchula kuti ndi mabatani osanena ntchito yake, moti sindinkadziwa ngati ndikudina posindikiza, posunga kapena potseka. Nditapeza nkhaniyo n'kutsegula fayilo yake ya PDF, panalibe chiganizo ndi chimodzi chomwe chimene ndinawerengeredwa. Nditayatsa sikirini ndinaona masamba odzaza ndi zilembo zooneka bwino, koma masambawo anali zithunzi zojambulidwa kuchokera m'magazini yakale, ndipo kompyuta sinkaonamo liwu lililonse. Ndiyenera kuvomereza kuti ine ndinali ndi mwayi woyatsanso sikiriniyo nditatopa, ndiponso kuti munthu amene amadalira pulogalamu yotereyi tsiku ndi tsiku amaidziwa bwino kuposa ine, choncho kuyesa kwangaku sikungalowe m'malo mwa kumufunsa iyeyo.

Chimene chinandivutitsa kwambiri n'chakuti laibulale singathe kukonza batani ngakhale limodzi pa tsamba limenelo. Buku losindikizidwa laibulale ikagula limakhala lake, koma zinthu zambiri za pa intaneti imangolipira chilolezo chozigwiritsa ntchito, kawirikawiri chaka ndi chaka, pamene zinthuzo zikukhalabe pa makompyuta a kampani. Pangano la ku Marrakesh, limene mayiko anagwirizana mu 2013 pansi pa bungwe la WIPO, loona za umwini wa zolemba ndi luso, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2016, limatsegula njira yoti mabungwe ovomerezeka azisandutsa mabuku kuti osaona athe kuwawerenga popanda kupempha chilolezo kwa eni ake. Limeneli ndi thandizo lalikulu, koma kusandutsa nkhani imodziimodzi kumatenga nthawi, ndipo wophunzira amene akudikira amalandira nkhani yake anzake atawerenga kale n'kukambirana.

Apa ndi pamene tinafika pa chikalata chotchedwa VPAT, chimene bungwe la makampani a zaukadaulo la Information Technology Industry Council linakonza pofuna kuthandiza ogula a boma la America kutsatira lamulo la Section 508, limene limafuna kuti zipangizo zamakono za boma zizikhala zoti anthu aulumali athe kugwiritsa ntchito. Masiku ano malaibulale ambiri amachifunsa asanagule. M'chikalatachi kampani imayankha mfundo iliyonse ya WCAG, muyezo wa mmene masamba a pa intaneti ayenera kukhalira kuti anthu aulumali athe kuwagwiritsa ntchito, umene bungwe loona za miyezo ya pa intaneti la W3C limatulutsa, ndipo imanena ngati katundu wake akukwaniritsa mfundoyo, akukwaniritsa pang'ono, sakukwaniritsa, kapena mfundoyo sikumukhudza. Muyezowu unakonzedwanso mu 2008, 2018 ndi 2023, ndipo uli ndi magawo atatu, A, AA ndi AAA, koma limene malamulo ambiri amafuna ndi AA. Mfundo zake n'zoyezeka. Mwachitsanzo, pa gawo la AA zilembo wamba ziyenera kusiyana kuwala ndi malo amene zalembedwapo pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1.

Vuto la chikalatachi n'lakuti kampani imadzichongera yokha mayeso. Ndinawerenga zikalata zingapo, ndipo ndinapeza kuti chimene ndinachikhulupirira kwambiri sichinali chimene chinkati zonse zili bwino, koma chimene chinkavomereza zofooka n'kufotokoza tsamba lenileni limene lili ndi vuto. Ndinaphunzira kuyang'ana tsiku limene chinalembedwa, mtundu wa tsamba umene unayesedwa, amene anayesa, ndiponso ngati anayesa ndi anthu kapena anangodalira makina ofufuza okha. Makina amatha kuona kuti chithunzi chili ndi mawu ochifotokoza, koma sangaweruze ngati mawuwo akuthandiza. Tchati cha zotsatira za kafukufuku chimene mawu ake ofotokoza akungoti ndi chithunzi chachitatu chingadutse pa makina, pamene wowerenga sanauzidwe kanthu.

Mfundo imene ndaigwiritsitsa pa maphunziro onsewa ndi yakuti mawu a laibulale amamveka kwambiri isanasainire pangano, kapena pamene nthawi yolikonzanso yayandikira. Ikasainira, chimene chimatsala ndi kupempha. N'chifukwa chake malaibulale ena amaumirira kuti m'pangano mulembedwe kuti kampani idzatsatira WCAG pa gawo la AA, idzapereka chikalata chatsopano ikasintha tsamba lake, idzayankha madandaulo m'nthawi yogwirizana, ndiponso kuti laibulale ili ndi ufulu wosandutsa zolembazo kuti wowerenga waulumali athe kuzigwiritsa ntchito. Mfundo yomalizayi ndi yofunika chifukwa maloko amene makampani amaika pa mabuku poletsa kukopera nthawi zina amatsekereza ndi pulogalamu yowerengera yomwe.

Laibulale imodzi payokha ilibe ndalama kapena akatswiri oyesera chilichonse chimene imagula. Malaibulale a mayunivesite a mu Big Ten Academic Alliance ku America anayamba kulipira akatswiri oima paokha kuti aziyesa masamba a makampani, n'kumaika zotsatira zake poyera, ndipo ntchitoyi inakula n'kukhala ya mgwirizano wa Library Accessibility Alliance. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti makampani amapatsidwa mpata woyankha, moti wogula amawerenga mbali zonse ziwiri.

Komabe pali pamene sindinakhutire ndi zomwe tinakambirana m'kalasi. N'kosavuta kunena kuti laibulale isagule katundu amene sakukwaniritsa muyezo, koma magazini ya kafukufuku siili ngati mpando umene ungagulidwe kwina. Ngati magazini imene ophunzira a zaudokotala amaidalira ikupezeka kwa wofalitsa mmodzi yekha, kuisiya n'kulanga owerenga onse, ndipo kampaniyo imadziwa zimenezi. Zikatero, chimene ndikuona kuti n'chotheka ndi kufunsa ndondomeko yolembedwa yosonyeza zomwe zidzakonzedwe ndi nthawi yake, ndi kukonzeratu njira yothandizira wowerenga pakadali pano. Malamulo akuthandizanso kukankha. Lamulo la mayiko a mu European Union lotchedwa European Accessibility Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 28 Juni 2025, likukhudzanso mabuku a pa kompyuta, ndipo kampani imene yakonzera msika umenewo ilibe chifukwa chomveka choperekera katundu wosakonza kwa ogula ena.

Lipoti langa loyamba linkangonena kuti tsambalo n'lovuta kwa osaona, ndipo aphunzitsi anandibwezera atalemba kuti wokonza mapulogalamu sangadziwe poyambira. Ndinalilembanso potchula tsamba lenileni, pulogalamu yowerengera ndi yotsegulira intaneti imene ndinagwiritsa ntchito, mabatani amene ndinadina motsatana, zomwe ndinamva ndi zomwe ndinayenera kumva. Pa vuto lililonse ndinalemba nambala ya mfundo ya WCAG: 2.4.1 pa kusowa kwa njira yodumphira mndandanda uja, ndi 4.1.2 pa mabatani opanda mayina. Lipotilo linachoka pa ndime imodzi kufika masamba atatu, ndipo m'chigawo chikubwerachi ndidzabwereza mayesowa pamodzi ndi wophunzira mnzanga amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ina yowerengera yotchedwa JAWS, kuti tione zimene ine ndinaphonya.