Tsiku limene ndinamasula rauta

Zonse zinayamba ndi kapepala ka m'bokosi la rauta yatsopano, chipangizo chogawa intaneti m'nyumba. Kankati pulogalamu ya m'katimo ndi Linux, ya layisensi ya GPL. Mtima unangoti phwii! GPL imalamula wogulitsa kuti akupatsenso source code, malemba enieni a pulogalamuyo, uiwerenge, uisinthe, ugawireko anzako. OpenWrt, pulogalamu yaulere ya marauta, inabadwa chonchi, kampani ya Linksys itatulutsa code ya rauta yake ya WRT54G mu 2003. Ndinauza mayi a kunyumba kuti pofika madzulo rautayi izimvera ine ndekha.

"Bola achimwene akabwera kudzaonera mpira apeze ikugwira," anatero.

Code ndinaitsitsa, ndinaisintha, n'kupanga firmware yangayanga, pulogalamu yoyendetsa rautayo. Nditaiponya pa adiresi ya rauta, 192.168.1.1, rautayo inakana kuti siginecha palibe. Opanga amasaina firmware ndi kiyi yachinsinsi, ndipo chipangizo sichilandira chilichonse chosasainidwa. Code akupatsa, kiyi asunga. Msampha umenewu unatchuka ndi TiVo, makina ojambulira mapulogalamu a pa TV, n'chifukwa chake GPL yachitatu ya 2007 imati zipangizo za m'nyumba zibwere ndi njira yoikiramo pulogalamu yosinthidwa. Koma Linux idakali pa GPL yachiwiri ya 1991, Linus Torvalds amene anaiyambitsa anakana kusamuka. Zonsezi ndinkazidziwa, komabe ndinatenga sikuludiraiva.

Pa bolodi panali timabowo tinayi ta UART, tolumikizira rauta ndi kompyuta kuti zilankhulane. GND ku GND, TX ku RX, RX ku TX, VCC osaikhudza, liwiro 115200. Malemba anayamba kutsika pa kompyuta, koma U-Boot, bootloader yake (pulogalamu yoyamba kudzuka ukayatsa rauta), sinkamva batani lililonse, anaigonthetsa kufakitale. Ndiye ndinapana kachipi ka flash ka miyendo 8, kosunga mapulogalamu a rauta, ndi kilipi ya CH341A, kachipangizo kowerengera ndi kulembera machipi.

Lamulo lake n'losavuta: werenga chipi kawiri, fananiza mafayilo awiriwo, sunga, ukatero fufuta. Ine ndinawerenga kamodzi, kilipi itakhala chopendama. Fayilo inatuluka ya 16 MB ndendende, ndinadzigogoda pachifuwa, n'kufufuta chipi. Potsegula fayiloyo pambuyo pake munali FF FF FF kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinali nditasunga mphepo. Bootloader inapita, MAC address, nambala yozindikirira rauta pa netiweki, inapita, pamodzi ndi kagawo ka manambala a wailesi ya Wi-Fi amene amayeza kufakitale, rauta iliyonse akeake.

Nditalumikiza magetsi, kanyali kamodzi kanangoti tong'oo.

Alamu anafika atavala jezi, mtedza uli m'manja. Anayang'ana bolodi, timawaya, kenako ine.

"Alamu, kodi ndi maliro a wailesi?"

Mayi a kunyumba sanayankhule. Anayatsa hotspot pa foni yawo, n'kulemba okha password mu foni ya achimwene awo, atabisa ndi dzanja. Nditasendera ndi yanga, anaika foni m'thumba la chitenje.

"Dzina la netiweki mukuliona, Bambo, muliwerenge mmene mungafunire. Kiyi ndasunga."