Cieszyn: kutsika sitima ku Czech, kukagona ku Poland

Pa siteshoni ya sitima ya Český Těšín, Lamulungu lina m'mawa, mtsikana wina wobereka chikwama chachikulu anaima pa kasitolo atanyamula ndalama yapepala ya ku Poland ya 20 złoty. Ankafuna botolo la madzi, koma wogulitsa ankangopukusa mutu. Mtsikanayo anaonetsa foni, momwe munali dzina la malo ogona amene analipira ku Cieszyn, ngati kuti akunena kuti: kodi kuno si ku Poland? Sikunali ku Poland. Anatsikira m'dziko la Czech, kumene ndalama yake ndi koruna.

Agogo ena aamuna amene anali pambuyo pake anapisa m'thumba la jekete, natulutsa makobidi, nalipira madziwo osanena kanthu. Kenako anapempha ndalama ija, naitembenuza, naloza ndi chikhadabo kanyumba kozungulira ka miyala kojambulidwa kumbuyo kwake. Anamuuza ndi manja kuti awatsatire. Njira inali imodzi ndi yanga, choncho ndinaona zonse. Anatsika nawo msewu wa Hlavní třída, agogowo akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Olza. Pakati pa mlathowo anaima, naponda pamene padutsa malire, phazi lina uku lina uko. Atawoloka anakwera kaphiri ka Góra Zamkowa, ndipo pakati pa mitengo kanyumba kaja kanali pomwepo: tchalitchi cha Nicholas Woyera, chomangidwa zaka zoposa 800 zapitazo. Mtsikanayo anayang'ana ndalama, nayang'ana nyumba, nayang'ananso ndalama. Agogowo anakana kubwezeredwa makobidi awo, anangogwedeza chipewa n'kubwerera kutsidya. Ulendo wonsewo unatenga mphindi ngati 15.

Vuto la mtsikanayu limagwera alendo ambiri, ndipo gwero lake ndi chaka cha 1920. Kale Cieszyn ndi Český Těšín inali tauni imodzi, likulu la dera lotchedwa Śląsk Cieszyński, kutanthauza Silesia ya Cieszyn. Kuyambira 1290 derali linali ndi mafumu akeake a banja la Piast. Womaliza wa iwo, Elżbieta Lukrecja, atamwalira mu 1653, dziko linapita m'manja mwa banja la Habsburg la ku Austria, ndipo linakhala momwemo mpaka 1918. Ufumu wa Austria utagwa, Apolishi ndi Acheki onse anati derali n'lawo. Anthu ambiri a m'midzi ankalankhula Chipolishi, koma Acheki sakanalola kutaya malasha a ku Karviná, fakitale ya zitsulo ya ku Třinec, makamaka njanji yochokera ku Bohumín kupita ku Košice, yomwe inali msana wolumikiza dziko lawo ndi Slovakia. Mu January 1919 anamenyana kwa mlungu umodzi. Pa 28 July 1920 akazembe a mayiko opambana pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse anagamula kuti mkati mwa tauni malire atsate mtsinje. Poland inatenga tauni yakale, bwalo la msika ndi phiri la mafumu, Góra Zamkowa ija. Czechoslovakia, dziko limene pa nthawiyo linkaphatikiza Czech ndi Slovakia, inatenga siteshoni yaikulu. N'chifukwa chake mpaka lero sitima zothamanga za pakati pa Ostrava ndi Žilina zimaima kutsidya la Czech, pamene siteshoni ya ku Cieszyn ndi yaing'ono, ya sitima za pafupipafupi.

Chimene chimandiwawa kwambiri m'mbiri imeneyi ndi tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni. Inayamba kuyenda mu 1911, kuchokera kumtunda kwa tauni, kutsika msewu wa Głęboka, kuwoloka mlatho mpaka kusiteshoni. Malire atabwera, okwera ankasechedwa pakati pa ulendo wosakwana makilomita 2, ndipo mu 1921 inaimitsidwa. Zaka 10 zokha. Ife amene timadziwa mmene malire a atsamunda anasiyira Achewa ena ku Mchinji, ena ku Chipata, ena ku Mozambique, nkhaniyi sitifunika kuifotokozeredwa kawiri. Anthu a kuno ali ndi kalankhulidwe kawo kotchedwa po naszymu, kunena kuti "mwa kwathu", ndipo mumakamva mbali zonse ziwiri za mtsinje. Mu October 1938 Poland inalanda gawo lakutsidya, lotchedwa Zaolzie. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945 malire anabwerera pamene anali. Kuonetsa mapepala pa mlatho kunatha pa 21 December 2007, mayiko onsewa atalowa m'pangano la Schengen. Viza imodzi ya Schengen ikukwanirani mbali zonse, koma pasipoti isatsale kuchipinda, poti apolisi ali ndi ufulu wokufunsani.

Za ndalama: złoty imodzi imasinthidwa ndi makoruna pafupifupi 6. Khadi imagwira m'masitolo ambiri, koma pa zimbudzi zolipira, pamsika ndi pa timasitolo ting'onoting'ono mumafunika makobidi, ndiye khalani ndi timatumba tiwiri. Makina a khadi akakufunsani ngati akuwerengereni m'ndalama ya kwanu, kanani, chifukwa mtengo wake umakhala wokubera. Ndipo musafike Lamulungu muli ndi njala n'kumayembekezera golosale yaikulu ya ku Poland. Kuyambira 2018 lamulo linayamba kuletsa masitolo aakulu kutsegula Lamulungu, kupatula masiku owerengeka pachaka. Kutsidya la Czech amatsegula, moti tsiku limenelo mumaona anthu akuwoloka ndi zikwama zopanda kanthu n'kubwerera zitadzaza. Mkati mwa mlungu mtsinje wa anthu umabwerera: Acheki amadzagula zakudya ku Poland, kuphatikizapo kanapka cieszyńska, kachidutswa ka buledi kopakidwa mayonezi, kokhala ndi nsomba ya hering'i ndi dzira. N'kozizira, kamchere ndi kowawasa pang'ono. Kamodzi sikakhutitsa munthu wozolowera nsima, gulani tiwiri. Bisiketi ya Prince Polo nayonso imapangidwa m'tauni yomweyi kuyambira 1955.

Chimodzi chondinyansa n'chakuti timabuku ta alendo timangokuzungulitsani pa bwalo la msika ndi pachitsime cha Abale Atatu, pamene nthano imati Bolko, Leszko ndi Cieszko anakumananso mu 810. Nthanoyo n'njokoma, koma imabisa chinthu chachikulu. Kwerani nsanja ya Piast, ya zaka za m'ma 1300, mukaone kum'mwera: mapiri a Beskid ndiwo mutu wa dera lonseli. Boma la Cieszyn la masiku ano, lomwe kumeneko amati powiat ndipo linakhazikitsidwanso mu 1999, ndi chidutswa chabe cha dera lakale. Bielsko inali ya dera lomweli koma tsopano ili payokha, ndipo zoposa theka la deralo zinatsala ku Czech. Komabe m'chidutswacho muli Skoczów, Ustroń, Wisła ndi Istebna, ndiponso magwero a madzi opita mbali zitatu. Mtsinje wa Wisła, wautali kuposa yonse m'Poland, wa makilomita 1,047, umatumphuka pa phiri la Barania Góra, lotalika mamita 1,220. Olza imayambira ku Istebna, n'kulowa m'dziko la Czech, n'kudutsa Jablunkov ndi Třinec, kenako n'kudzasanduka malire ku Cieszyn isanakathire mu mtsinje wa Odra. Kamtsinje ka Czadeczka ka ku Jaworzynka kokha kamatembenukira kum'mwera, madzi ake n'kukafika mu Danube.

Mudzadabwanso ndi matchalitchi. M'dziko limene anthu ambiri ndi Akatolika, boma lino lili ndi Alutera ochuluka, makamaka ku Wisła, kwawo kwa Adam Małysz, katswiri wodumpha pa chipale chofewa. Pa nthawi imene mafumu a Habsburg anawatsekera nyumba zopemphereramo, ankakasonkhana m'nkhalango za m'mapiri. Pangano la ku Altranstädt la 1707 ndilo linawalola kumanga Kościół Jezusowy ku Cieszyn, kuyambira 1709, ndipo ndi tchalitchi chachikulu kuposa zonse za Alutera m'Poland.

Wofuna kukafika pamene Poland, Czech ndi Slovakia zimakumana apite ku Jaworzynka kudzera ku Wisła ndi Istebna. Msewu ndi wokhotakhota, mabasi ndi ochepa Loweruka ndi Lamulungu, ndipo gawo lomaliza mumatsika wapansi. Lembani nthawi ya basi yomaliza musanatsike, ndipo valani nsapato zosaterera, chifukwa malo amene malire atatuwo amakumana ali m'kachigwa, pansi pa kamtsinje.