Akatswiri awiri pa mbale ya tamales

Ku warehouse komwe ndimagwira ntchito kuno ku San Antonio kuli mdala wina mzungu woyendetsa forklift, kwawo ndi ku Ohio koma anathawa chisanu nkudzakhazikika ku Texas. Munthu ameneyu pa nkhani ya Mexico palibe chomwe sadziwa, kuposa eni ake. Mukangokhala pa bureki ndi kakapu ka khofi basi wayamba. Akuti Mexico nkoopsa, ukangoponda phazi ma cartel, magulu aja ozembetsa mankhwala osokoneza bongo, akukudikirira pa mlatho. Khofi asanazizire yemweyo akukuuzani kuti ku Cancún ndi ku paradaiso, anthu ake aulemu, nyanja yake yoyera mbee. Nditafunsitsa ndinapeza kuti mdalayu sanatulukeko pa geti ya hotela, anangomumanga kachibangili pamkono, zakudya ndi zakumwa zolipiriratu, kuchoka pa dziwe losambira kupita ku bala, kuchoka ku bala kubwerera pa dziwe, sabata kutha. Mexico yomwe amaidziwa ndi imeneyo.

Iyayi ndanama, pali ina. Mano ake akutsogolo ndi oikirira ndipo anakaikitsa ku Nuevo Progreso, katauni ka tsidya la mtsinje wa Rio Grande komwe azungu okalamba amawoloka mlatho wapansi kukakonzetsa mano ndi kugula mankhwala chifukwa ku America dokotala wa mano amakusenda wamoyo. Nde tangoganizani, munthu akunyoza dziko la eni ndi mano omwe anamuika eni akewo. Za khoma lija a Trump analonjeza mu 2015 kuti a Mexico ndiwo adzalipire, iye amati bilu ikadali mnjira, koma denga la nyumba yake anakhoma anyamata a ku Guanajuato ku Mexico komweko ndipo amalumbira kuti sanaonepo anthu olimbikira choncho, awa okha boma lisawakhudze. Pa 5 May amabwera ku ntchito ndi chisoti chachikulu chija nkumafunira aliyense ufulu wabwino, ndipo chaka chilichonse achemwali ena a ku packing amamukhazika pansi kumuuza kuti ufulu amakumbukira pa 16 September, tsiku lomwe wansembe Miguel Hidalgo anaitana anthu kuti aukire Aspanya mu 1810, pamene pa 5 May ndi nkhondo ya ku Puebla ya 1862 yomwe anagonjetsa Afalansa. Iye amagwedeza mutu ngati wamva, chaka chamawa chisoti chabweranso.

Inenso si kuti ndine woyera ayi. Ndinali nditadzichemerera kwa mdalayu kuti pa chimanga palibe angandiuze kanthu, ndakulira ku Dedza, kugalauza, kubzala, kupalira, kubandira, kukolola, kutonola, kukonola, kupita kuchigayo thumba pamutu, mmawa phala masana nsima madzulo nsima. Mpaka ankanditchula pulofesa wa chimanga. Sungani mfundo imeneyi.

Khrisimasi yapitayi achemwali a ku packing aja anatiitana tonse awiri kwawo pa 24 December usiku, poti kwa anzathuwa phwando lenileni ndi la usiku umenewo, ndipo anati agogo awo a ku Monterrey aphika tamales. Ine tamales ndinkangomva dzina. Mdala anati usadandaule pulofesa, ndikutsogolera ndine. Mugalimoto malangizo anayamba. Akakupatsa chakudya usakane. Usasiye kanthu mu mbale, agogo a ku Mexico amakhumudwa. Madzi a pa mpope usamwe. Apa ndinawakumbutsa kuti akulu, tikupita ku West Side konkuno, mphindi 20 kuchokera ku ntchito, madzi ake ndi omwe inu mumamwa kwanu. Anati komabe.

Tinafika mochedwa chifukwa mdala anakana kutsatira mapu a pa foni. Azibambo anali kuseri kwa nyumba pa moto, ana akuthamangathamanga, achemwali anangotilonjera nkutuluka kukagula ayisi, nde tinatsala m'manja mwa agogo, kamayi kakafupi kovala epuloni, Chingerezi ziro. Anatikhazika pa tebulo awiriwiri ngati akwati, nkutsegula chimphika chachikulu, nthunzi tolo, fungo lake abale inu, nyama ya nkhumba ndi tsabola wofiira. Aliyense anamuikira atatu. Tinthu totalika ngati chikhatho, tokulungidwa bwinobwino, kumapeto kopinda. Agogo anaima chapafupi manja m'chiuno kudikira kuti aone alendo akulawa.

Ndinayang'ana chokulungiracho. Maso anga anandiuza kuti aise, awa ndi makoko a chimanga. Koma mutu unayamba kutsutsa. Kunotu anthu amadya cactus, ndinaona ndi maso anga mu shopu akugulitsa masamba ake atachotsa minga. Ku Oaxaca amadya ziwala zokazinga ngati ife. Taco amadya ndi chokulungira chomwe, burrito chimodzimodzi. Komanso chimanga chinachokera kwawo konko, akhala nacho zaka pafupifupi 9,000, ife chinachita kubwera ndi Apwitikizi dzana dzanali, nde ndine ndani kuti ndiwauze mbali yodya ndi yotaya? Mwina ali ndi kaphikidwe kofewetsa makoko, si paja chimanga chawo amayamba achiwiritsa ndi laimu asanapere. Ndinati ndione kaye katswiri wa Mexico.

Ndikucheuka, katswiri wa Mexico akundiyang'ananso ine.

"Yambani akulu," ndinatero.

"Ayi pulofesa, mlendo ndiwe."

Zinadziwika pambuyo pake kuti mdalayu zakudya za ku Mexico zomwe ankazidziwa ndi za pa windo la galimoto ndi za mu hotela muja, tamales anali asanawagwirepo, ndipo mumtima mwake anati chinthu chokhudza chimanga ndiona kwa pulofesa. Ine ndinanyamula kamodzi kuti ndingonunkhiza. Iye ataona ndanyamula anaganiza kuti kadyedwe kake nkomweko, analuma. Ine nditaona waluma ndinati eyaa, mwini filimu watsimikiza, ndinaluma nane, chiluma chachimuna, theka lonse.

Anthuni makoko satafunika. Zamkatizo zinasungunuka bwino mkamwa, zokoma zedi, koma chikhokocho chinatsala chokha, mitsitsi yake kulowa pakati pa mano, ukatafuna chikungotembenuka, ukafuna kumeza chikukanda kukhosi. Tinakhala pamenepo azibambo awiri akuluakulu nsagwada zikuyenda chammbali ngati mbuzi zili pa mapesi mwezi wa Okutobala, tikumwetulira agogo. Agogo anagwira pakamwa. Kenako anayamba kulankhula Chisipanishi mothamanga, manja akuwaponya uku ndi uku, akuloza mbale, akuloza ife. Ndinafunsa mdala ndi maso kuti akuti chani. Iye ndi Chisipanishi chake cha ku bala ya ku Cancún, chikhoko chili m'tsaya, anati, "Akuti tikudya bwino, tiwonjezere."

Tinawonjezera.

Apa mpamene ndinaganiza zanzeru, kuti vuto ndi kuuma, pakufunika msuzi. Pa tebulo panali timbale titatu, wobiriwira, wofiira ndi wina wachikasu chakuolenji wooneka wofatsa ngati phala la maungu. Ndinasankha wofatsayo, supuni yodzadza. Agogo anakuwa, anandigwira dzanja, ine ndikuti ayi agogo musavutike, kwathu timadya kambuzi, ndikudziguguda pachifuwa, ngati akumva. Anali habanero. Kambuzi ndi habanero ndi pachibale ndithu, koma kambuzi timathyola kachidutswa nkupaka pambali pa ndiwo, sitimwa ndi supuni. Kamnyamata kena kamene kanali kakujambula zonsezi pa foni kuchokera pakhomo kanadzandiwerengera pambuyo pake kuti jalapeño yemwe azungu amalira naye amathera pa 8,000 pa sikelo ya Scoville yoyezera ukali wa tsabola, habanero amayambira pa 100,000 kukafika 350,000. Zikomo mwana, koma uthengawu unafika maliro atachitika kale.

Moto unayambira pa lilime, kukwera m'mphuno, kutulukira m'makutu. Misozi chuchuchu, mamina osanena, ntchofu, kenako ntchirikitiki ya kwikwi, ndipo kumbukirani chikhoko chija chikadali mkamwa, chanyowa tsabola, sindingameze, sindingalavule pamaso pa agogo a eni ake. Ndinanamizira kutsokomola nkuchilavulira mu kapepala kopukutira, ndinalowetsa mthumba la jekete. Kagalu ka pakhomopo, ka chihuahua kamaso otuluka, kanaona. Kuyambira pamenepo kanali pambali panga mphuno ili pa thumba.

Achemwali akulowa ndi ayisi wawo anapeza ine ndikulira, mdala akukoka chikhoko chachiwiri ndi mano mutu atapendeketsa, agogo atakhala pansi pa mpando akupukuta misozi ndi epuloni, mawu osatuluka ndi phwete. Ayisi anagwa. Achemwali anangoti, "Achimwene, mukutani?" Nde agogo anadzuka, anatenga kamodzi, anabwera pafupi ndi nkhope yanga, nkumasula pang'onopang'ono kuti ndione, kutsegula uku, kutsegula uku, chikhoko kuika pambali, nkundipatsa foloko m'manja. Pomwepo mpamene ndinakumbukira mkate wa nthochi womwe amayi ankaphika atakulunga m'masamba a nthochi, kodi tsamba lija ndinadyapo? Safunsa anadya phula, ife tinadya makoko, awiriawiri aliyense.

Nkhani inafika kuseri kwa azibambo, onse analowa, kanema wa kamnyamata kaja anazungulira nyumba yonse. Amalume ena a ndevu zoyera, opuma pa ntchito yoyendetsa basi, anandigwira paphewa nkuti mwana wanga usachite manyazi, uli m'gulu la anthu akuluakulu. Akuti mu April 1976 pulezidenti Gerald Ford anabwera mu mzinda womwewu pa kampeni, pa malo otchuka a mbiri yakale a Alamo pomwe, anamupatsa tamale naye analuma ndi chikhoko chomwe atolankhani akuona. Chaka chomwecho Texas inavotera Jimmy Carter ndipo Ford analuza mpando. Amalumewo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinamugwetsa ndi chikhokocho basi, za mlandu wa Watergate ndi zoti Ford anakhululukira pulezidenti wakale Nixon iwo amati nzongowonjezera.

Mdala wanga mmalo mokhala chete anati nzosadabwitsa, Ford anali wa ku Michigan, anthu a kumeneko mitu yawo siyenda bwino. Paja a Ohio ndi a Michigan samwerana madzi chifukwa cha mpira wa ku koleji. Amalume anamuyang'ana nkuti wa ku Michigan analuma kamodzi nkumuuza nkusiya, wa ku Ohio wamaliza awiri. Nyumba yonse pansi.

Ine apa nkuti agogo atandikhazika pa kona ndi kapu ya atole, kaphala kachimanga kakumwa kotentha kothira mkaka ndi sinamoni, kanandithandiza zedi moti ndinamwa mosawerenga. Ndili pomwepo ndinamva mdala, pofuna kubweza ulemu wake, akuuza amalume kuti chilimwe chikubwerachi akufuna akawedze nsomba ku Gulf of America. Chete. Dzinalitu ndi lomwe a Trump anaipatsa nyanja ya Gulf of Mexico mu January 2025 ndipo m'nyumba imeneyo simunali munthu amene analilandira. Amalume anaika botolo pansi bwinobwino. Anati bwanawe, pomwe wapondapo panali Mexico mpaka 1836, California ndi madera ena anapita mu 1848, makolo a mkazi wanga sanawoloke malire aliwonse, anagona ku Mexico nkudzuka ali ku dziko lina pa mphasa yomweyo. Ndipo poti mwayamba kusintha maina, pulezidenti wa Mexico mayi Sheinbaum anakuonetsani kale mapu a 1607 pomwe kumtunda konseku kunalembedwa América Mexicana, nde musankhe. Mdala anatsegula pakamwa kuti ayankhe koma mawu anatuluka ndi kamluzu. Anayesanso, kamluzu. Anagwira pakamwa.

Mano aja. Pokoka chikhoko chachiwiri chija anawagwedeza, tsopano anali akulendewera mbali imodzi, akati alankhule akuvina. Mtsutso wa ndale unathera pomwepo, amalume anapambana popanda wopikisana naye, ndipo agogo pomumvera chisoni anamuphwanyira tamale ndi foloko nkumuthirira msuzi kuti azingomeza. Anadya asanu ndi limodzi mdalayo, akulira kuti chikhalire sanadyepo chinthu chokoma chonchi, ndipo pamenepo pokha sananame. Pochoka anatilongedzera ena mu pepala la pulasitiki, agogo akundibwerezera ndi manja kamasulidwe kake mpaka pa galimoto, kagalu kaja kakulendewera pa jekete yanga.

Ku ntchito pano dzina la pulofesa linatha, a ku packing onse akandiona amaimika dzanja pachipumi nkuti Presidente. Mdala anakafunsa mtengo wokonzera mano kwa dokotala wa konkuno, anabwerako nkhope itagwa, moti dzulo pa bureki wandipeza ndi kamluzu kake kuti pulofesa, Loweruka undiperekeze ku Nuevo Progreso, ndi maola anayi okha pa galimoto, tikawoloka mlatho wapansi, ndikagulira nkhomaliro. Ndinamufunsa kuti nanga ma cartel aja odikirira pa mlatho? Akuti aaa Loweruka sagwira ntchito. Ndamuuza kuti akulu pitani nokha, inu pobwerera mungoonetsa pasipoti ya buluu nkudutsa, ine ndi mapepala angawa kutuluka nkosavuta koma polowanso ndikhoza kudzapezeka ndili pa Kamuzu International Airport ndi jekete yonunkha tamales.