Ng'ombe zathu zinkadya koma osanenepa

Bizinesi yathu yonenepetsa ng'ombe inayamba ndi ng'ombe zinayi zimene amalume anga anandipatsa ataona kuti mphamvu zozisamalira zawathera. Khola lathu lili kumunsi kwa tauni ya Mangochi, kufupi ndi pamene mtsinje wa Shire umalowa m'nyanja ya Malombe, dera limene msipu wobiriwira umapezeka ngakhale m'chilimwe. Timagula ng'ombe zachikuda zowonda kwa alimi a ku Namwera ndi ku Chilipa, timazidyetsa madeya, mapesi ndi zotsalira za mtedza kwa miyezi itatu kapena inayi, kenako timazigulitsa kwa abutchala a pa boma, kapena kwa mabanja achisilamu Eid ya nsembe ikayandikira. Timasunganso zazikazi zingapo kuti khola lizikula.

Zaka ziwiri zoyambirira phindu silinkaoneka, ndipo chimene chinkandipweteka mtima n'chakuti ng'ombezo zinkadya bwino. Madeya ankatha, koma nthiti zinkawerengekabe, ubweya unali wanyankhalala, ndipo ana a ng'ombe ankatsekula m'mimba dzinja lonse. Ndinakayikira nkhupakupa, ndinakayikiranso mnyamata wobusa, ndipo panopa ndimamva chisoni kuti ndinamulakwira. Mwana wa ng'ombe mmodzi atatupa pansi pa chibwano n'kufa, mkazi wanga anaumirira kuti tisamukwirire tisanaitane alangizi a ziweto.

Alangiziwo atang'amba chifu chomalizira, chimene chimalumikizana ndi matumbo, anandiitana kuti ndidzadzionere ndekha. Munali tinjoka tofiirira tambirimbiri, topyapyala ngati ulusi, timene m'mabuku awo amatitcha Haemonchus. Anandionetsanso kuyera kwa nkhama ndi kwa m'kati mwa zikope, ndipo anati, “Bambo, madeya anu akhala akudyetsa izi, chifukwa magazi amene ng'ombe ikupanga zikuyamwa ndi zimenezi.” Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti njoka za m'mimba zimaikira mazira amene amatuluka ndi ndowe, ndipo kukakhala kotentha ndi konyowa, monga zimakhalira kuno kuyambira Disembala mpaka Epulo, mazirawo amaswa ndipo pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri timphutsi take timakhala titakwera pa udzu, makamaka m'munsi mwake. Ng'ombe ikadya udzuwo, pamatha milungu pafupifupi itatu kuti nayonso iyambe kufalitsa mazira atsopano. Choncho njoka zambiri m'dzinja zimakhala ku busa, zikudikira, osati m'mimba mwa chiweto. Ng'ombe zikuluzikulu zachikuda zimapirira chifukwa thupi linazolowera kulimbana nazo, koma ana osapitirira chaka ndiwo amagonja msanga.

Nditamva zimenezi ndinathamangira mankhwala, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Ndinkagula kwa munthu woyenda nawo pa njinga, m'mabotolo opanda chizindikiro, ndipo ng'ombe iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, ndinkaimwetsa muyeso umodzi kuti botolo likwanire khola lonse. Mankhwala operewera amapha njoka zofooka n'kusiya zolimba, ndipo zotsalazo zikaswana, mankhwala omwewo amasiya kugwira ntchito pa khola lanu ngakhale mutadzayamba kupereka muyeso woyenera. Zimandidetsa nkhawa kuti alimi ambiri amene ndimagulako ng'ombe amachitabe zomwezi, poganiza kuti akupulumutsa ndalama.

Vuto lina linaonekera ku butchala. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, madzi anakwera ndipo madambo a m'mbali mwa Shire anakhala onyowa kwa nthawi yaitali. Patapita miyezi, wogula wathu wina wakale anandiuza kuti ziwindi za ng'ombe zathu zikukanidwa poyeza nyama, chifukwa zinali zolimba ndiponso zodzaza ndi tizilombo taphanthiphanthi tooneka ngati tsamba. Tizilomboti timayamba tadutsa mu nkhono za m'madzi osayenda, kenako timamatirira pa udzu wa m'dambo. Msipu wobiriwira umene ndinkaunyadira unali njira yake. Jakisoni wa ivermectin amene ndinkadalira nthawi imeneyo amapha njoka za m'mimba, koma payekha sapha tizilombo ta m'chiwindi. Pamafunika mankhwala monga oxyclozanide kapena triclabendazole.

Masiku ano ng'ombe iliyonse yatsopano imafikira m'kakhola kapadera. Timaiyeza chifuwa ndi tepi, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kuti tidziwe makilogalamu ake, timaimwetsa monga momwe zalembedwera pa botolo, ndipo imakhala momwemo masiku angapo kuti mazira amene yabwera nawo asagwere ku busa kwathu. Mankhwala timagula m'sitolo yovomerezeka yokha ndipo timaona tsiku limene adzathere mphamvu. Yaikazi imene yangokweredwa kumene sitiipatsa mankhwala a njoka otchedwa albendazole, chifukwa m'masiku 45 oyambirira a bere akhoza kuwononga mwana. Tili ndi kope limene mkazi wanga amalembamo tsiku limene ng'ombe yalandira mankhwala, ndipo siipita kwa butchala masiku amene nyama yake imaletsedwa kudyedwa chifukwa cha mankhwalawo asanathe, ngakhale wogula atafika ndi ndalama m'manja. Ana a ng'ombe timawamwetsa mvula ikakhazikika ndiponso ikamatha, pamene zikuluzikulu timayamba taziyang'ana kaye, osati kungomwetsa zonse mwachizolowezi.

Komabe chimene chinasintha kwambiri khola lathu sichinachokere m'botolo. Ng'ombe zimene tikunenepetsa sizipitanso kudambo. Timazidulira udzu kumtunda, timauumitsa, ndipo zimamwa madzi a pa mjigo m'chomwera cha simenti. Ndowe timachotsa m'khola n'kuziunjika kuti zitenthe ndi kuwola zisanapite kumunda. Ana ali ndi kamalo kawo kouma kumene zikuluzikulu sizidyako. Ntchito yachuluka ndipo tinalemba mnyamata wachiwiri, koma ng'ombe zimafika pogulitsidwa madeya ochepa atalowa, ndipo wogula uja sanadandaulenso za chiwindi.

Chimene sitingathe kuchikonza patokha ndi busa la tonse. Zazikazi zathu zimadyabe limodzi ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa za m'mudzi, ndipo ena mwa mitundu ya njokazi amagwira ziweto zonsezi. Ndinapita kukagwada kwa a mfumu kuwapempha kuti aitane eni ziweto, ndipo tagwirizana kuti alangizi abwere mvula isanayambe, aliyense abweretse ana a ng'ombe ake pa bwalo tsiku limodzi kuti adzamwetsedwe mankhwala a njoka. Tepi yoyezera ndi chomwetsera ndabwereketsa ndine, ndipo mabanja asanu ndi awiri alembetsa kale.